Boyila Imene Ndinamanga ndi Mlamu Wanga

Ntchito ya ku Kambombo, m'boma la Chama, ndinaivomera ndisanafunse kuti womanga njerwa adzakhala ndani. Ndikanafunsa, ndikanaikana. Ine ndine pulambala, ndimakhala ku Chipata, koma kwathu ndi ku Katete. Anthu a mpingo wina anapeza thandizo loti pa kachipatala kena kumeneko aikepo boyila, kuti azimayi akachira azisamba madzi otentha, ndiponso kuti m'chipinda chogona makanda muzikhala mofunda m'miyezi yozizira. Anzanga ku Chipata anaseka atamva. Iwo amadziwa Chama ya mu Okutobala, pamene munthu umachita thukuta uli khale pamthunzi. Sadziwa kuti mu Juni mphepo ya m'chigwa imalowa mpaka m'mafupa m'mamawa, ndipo khanda lobadwa masiku osakwana silichedwa kuzizidwa.

Ine Chama ndinkaidziwa kale, chifukwa mlongo wanga anagona kumeneko.

Mlongo wangayo ndinapondana naye, ine wamkulu. Anakwatiwa ndi mnyamata wa Chisenga amene anabwera kwathu kudzamanga nyumba za aphunzitsi. Kwathu mwamuna ndiye amatsatira mkazi, ana amakhala a kuchikazi, ndipo malume ndiye mwini mbumba. Kwa iwo n'kosiyana. Amapereka malowolo, mkazi n'kumutenga, ana onse n'kukhala awo. Amayi anakana poyamba, koma mtsikana anali atatsimikiza mtima, ndiye tinamulola kupita.

Mimba yake yoyamba inakwana mvula ili pakati. Anachirira kunyumba, mwana wamkazi, koma magazi sanasiye. Azimayi a m'mudzimo anati zisiya zokha, anamumwetsa zitsamba, ndipo mwamuna wake anawamvera, n'kukhala panja tsiku lonse. Pamene ankaganiza zothamangira naye kuchipatala, mtsinje unali utadzaza. Anafera m'njira. Uthenga unatipeza ataikidwa kale. Titafika tinapempha kuti atipatse mwanayo akaleredwe ndi agogo ake, koma anatikaniza pamaso pa mudzi wonse, amvekere malowolo anaperekedwa. Ife tinatenga sutikesi ya malemuyo ndi makina ake osokera, amene anagula yekha asanakwatiwe. Makinawo ndinanyamula ndine, ndipo mpaka lero sindiona cholakwa. Kuchokera pamenepo sitinalankhulanenso. Zaka zinapita zambiri, zokwanira kuti khanda likule mpaka kukwatiwa.

Ndinafika pachipatalapo masana, pa lole imene inanyamula mapaipi kuchokera ku Lundazi. Anandilandira asisita oyang'anira chipatalacho, mayi wamfupi wojintcha wochokera kumigodi, wolankhula Chinyanja cha m'tauni mothamanga. Anandionetsa chipinda chogona, kenako anati tizungulire kuseri ndikaonane ndi mmisiri wa njerwa, munthu wa komweko amene anthu onse amamukhulupirira. Tinamupeza atawerama, akuyala chingwe pa maziko. Ataweramuka ndinamuzindikira nthawi yomweyo, ngakhale kuti mutu unali utachita imvi ndipo dzino limodzi lakutsogolo linali litachoka. Nayenso anandizindikira. Anapukuta manja pabuluku, koma sanatambasule dzanja.

"Mwabwera, alamu," anatero.

"Ndabwerera ntchito."

Asisita anasangalala kumva kuti ndife pachilamu, anati ndiye kuti ntchito iyenda mofewa.

Boyila yake inali ija anthu amaitcha donki. Mgolo waukulu wachitsulo chokhuthala umagonekedwa pamwamba pa ng'anjo ya njerwa, pansi pake n'kumasonkha moto. Madzi ozizira amachokera mu thanki ya pansanja n'kulowera kumunsi kwa mgolo, otentha amatulukira kumwamba. Pamwamba penipeni pamakhala paipi yoima yotulutsira nthunzi, yotalika kuposa thanki, yopanda chotsekera chilichonse, chifukwa ikatsekeka mgolo ukhoza kuphulika. Kuwonjezera pa mipopi ya kubafa, ndinayenera kuyendetsa paipi yonenepa kuzungulira khoma la chipinda cha makanda n'kuibwezanso ku mgolo. Pampu panalibe. Madzi otentha amakwera okha, akazizira amatsika, ndiye paipi yopita iyenera kukwera pang'onopang'ono osagwa mphuno paliponse. Ikangogwa, mpweya umakodwa pamenepo ndipo madzi amaima.

Ntchito yotereyi womanga ndi pulambala amayenera kumvana ngati anthu onyamula denga limodzi. Ife tinkalankhulana kudzera mwa mlonda wa pachipatalapo, bambo wachikulire wofatsa amene masana ankatithandiza kutunga madzi. Ine ndimati, a mlonda, auzeni amisiriwo kuti ndikufuna bowo apa. Mlamu wanga, ataima potero pamene akumva zonse, ankadikira kuti mlonda abwereze, kenako ankayankha m'Chisenga, mlonda n'kundimasulira. Chinyanja ankachidziwa bwino lomwe, anafunsira nacho mbeta kwathu, koma kwa ine sankafuna kuchiwononga.

Vayisi yanga yopanira mapaipi ndinaikhomera pa chitsa cha tsanya pansi pa mtengo, pamthunzi, chifukwa kusema mazinga pa paipi yachitsulo ndi manja ndi ntchito yothyola mapewa. M'mawa mwake ndinapeza mlamu wanga atathira mulu wa mchenga pomwepo, akukandira simenti pafupi ndi zitsulo zanga, fumbi likulowa m'mazinga amene ndinali nditathira mafuta. Anati malo amenewo ndiwo anali pafupi ndi madzi. Ndinasamutsa vayisi n'kukagwirira padzuwa. Nanenso sindinali mngelo. Ndikafuna kuyeza, ndinkachotsa chingwe chake osamuuza, ndipo zidutswa za mapaipi ndinkaziponya kumene ankadutsa ndi wilibala.

Mkangano woyamba weniweni unali wa mabowo. Ndinalemba ndi khala pakhoma la chipinda cha makanda pamene paipi inayenera kulowera. Iye anaboola m'munsi mwake, kusiyana ngati chikhatho. Nditafunsa, mlonda anandimasulira kuti pamene ndinalembapo panali pafupi kwambiri ndi mtanda wa konkire wa pamwamba pa zenera, ndipo iye sangafooketse khoma chifukwa cha munthu amene mawa akwera lole n'kumapita. Ndinayankha kuti bowo lakelo ligwetsa paipi mphuno, chipinda sichidzafunda. Anati zimenezo ndi za mwini mapaipi. Ndinakakamizika kumasula mzere wonse umene ndinali nditalumikiza kale, kuutsitsa kuyambira ku ng'anjo, kudula mapaipi ena n'kusemanso mazinga. Ndikugwira ntchito imeneyo ndinamumva akunena kanthu kwa azimayi amene ankadutsa ndi ndowa, iwo n'kuseka akundiyang'ana. Chisenga ndimamva pang'ono, koma tsiku limenelo mlonda anakana kumasulira.

Pafupi ndi chipatalacho panali nyumba yodikirira azimayi oyembekezera ochokera kutali. Ankabwera nthawi isanakwane, ndi nkhuni zawo ndi mapoto awo, n'kumadikira pomwepo. Dzuwa likafika paliwombo, mmodzi mwa iwo ankabweretsera mlamu wanga chakudya, mpunga wa konkuno wonunkhira uja ndi nyemba, nthawi zina mbatata. Masiku oyamba sindinamuyang'anitsitse. Tsiku lina ndili pamwamba pa nsanja ya thanki ndinamuona akubwera chapatali, mbale ili pamutu, dzanja limodzi atagwira m'chiuno, phazi lakumanzere likuloza kunja pang'ono poyenda. Sipanala yanga ya bobojani inatsala pang'ono kundipulumuka. Amayi athu amayenda choncho, ndipo mlongo wanga ankayenda choncho.

Ndinatsika n'kukafunsa mlonda. Anayang'ana uku ndi uku asanayankhe. Anati inde, ndi mwana woyamba wa amisiriwo, wa mkazi amene anamwalira kalekale. Anakwatiwa kumudzi wina kutsidya kwa mtsinje, ndipo bambo akewo ndi amene anakamutenga pa njinga mimba isanakule n'komwe, kukangana ndi apongozi ake a mtsikanayo amene ankati akadali ndi mphamvu zokolola. Mlondayo anawonjeza kuti ntchito ya boyilayi amisiriwo anachita kuipempha, kuti azikhala pafupi ndi mwana wawo.

Madzulo ake ndinapita ku kagolosale ka pamsewu n'kugula chitenje, sopo ndi shuga. Ndinadikira mpaka mlamu wanga atapita kokatenga njerwa, ndipo ndinakamupeza mtsikanayo akutsuka mapoto. Ndinamupatsa moni, n'kumuuza kuti ndine mchimwene wa mayi ake. Anagwada mwaulemu, analandira ndi manja awiri, koma sanandiyang'ane kumaso ndipo sananene kanthu kupatula zikomo. Kutacha ndinapeza zonse zili pamwamba pa bokosi langa la zitsulo, chitenje chosafunyulula, shuga wosatsegula. Mlamu wanga anali ataima pa ng'anjo, ndipo kanali koyamba kundilankhula m'Chinyanja kuchokera pa moni wa tsiku loyamba lija.

"Mwana wanga sanagonepo na njala. Zinthu zanu mukapatse a kwanu."

"Ndi wa kwathu ameneyo. Magazi ake ndi athu."

"Manje ndiye mwakumbuka?"

Ndinatenga shugayo n'kupatsa mlonda. Chitenje ndinachiika pansi pa bokosi.

Mgolo titaukweza pa ng'anjo, ndinalumikiza mapaipi a kumbuyo kwake, kumene yonse imakumana. Chinthu chimodzi chinasowa, cholumikizira chomwe timachitcha yuniyoni, chimene chimalola kumasula paipi osadula. Chimene anatumiza chinali chosweka. Ndinayenera kupita ku boma ku Chama kukafuna china, ndipo ulendo wake wa pa njinga yamoto unali wokagona konko. Ndisananyamuke ndinauza mlonda, mokweza kuti mwini wake amve, kuti kumbuyo kwa mgolo kusamangidwe kufikira nditabwera, ndidzaze madzi, ndione ngati pali podontha. Pulambala aliyense amatero. Ungamange bwanji mosamala, polumikiza pamodzi kapena pawiri pamalira ndithu ukathira madzi koyamba, ndipo umangofunika kubwezapo dzanja.

Pobwera ndinapeza kumbuyo konse atamanga mpaka pamwamba, atapaka pulasitala wosalala, atangosiya kampata kamene paipi yanga yotsala inatulukira. Ntchito yake inali yokongola, zimenezo sindingamunamizire. Mlonda anati amisiri anena kuti simenti inali yokandakanda kale, sakanaisiya kuti iume chifukwa cha munthu amene wapita kokayenda ku boma. Ndinaika yuniyoni yanga, ndinatsegula valavu ya ku thanki, mgolo unadzaza. Ndinakhala pa njerwa n'kumadikira. Pasanapite nthawi yaitali, pa pulasitala paja panaoneka kadontho kakuda, kanakula ngati chikhatho, kenako ngati mbale, madzi n'kuyamba kutsetsereka mpaka pansi.

Ndikanatha kuitana asisita kuti adzaone. Ndikanatha kudikira mwini khoma, amene anali kuseri akusefa mchenga. Ndinatenga hamala yaikulu n'kuyamba kugumula. Njerwa zinali zisanagwirane kwenikweni, zinkagwa ziwiriziwiri. Phokoso lake linamubweretsa akuthamanga, chipande chomangira chili m'manja. Azimayi a ku nyumba yodikirira anatuluka, odwala amene anali pamzere wa mankhwala anaimirira.

"Wakuuzani ndani kugwira khoma langa?"

"Madzi andiuza. Simukuwaona?"

Anati ndikanamuitana, akanachotsa yekha njerwa zochepa, osati kuphwanya ntchito ya munthu ngati njovu m'munda. Anati ndine wamwano kuyambira kale, ndi mtundu wanga wonse. Pamenepo ndinaika hamala pansi n'kunena mawu amene ndinawasunga zaka zonsezo. Sindinakweze mawu.

"Chizolowezi chanu n'chomwecho, alamu. Chinthu chikudontha, inu mumachiphimba n'kumadikira kuti chisiya chokha. Mlongo wanga munamutero."

Kenako anayankha, nayenso motsitsa, moti amene anali patali sanamve.

"Imwe munali kuti? Ine n'namubereka kumsana, madzi yafika m'khosi. Anafera pamsana panga pano. Imwe munabwera na motoka kudzatenga makina."

Sindikumbuka amene anayamba kugwira mnzake. Ndimakumbuka chipande chikugwa, dzanja lake lili pakolala ya malaya anga, kenako tonse tili pansi pa mulu wa mchenga wonyowa, amuna awiri a imvi tikugubuduzana ngati ana a sukulu. Anali ndi mphamvu za munthu wonyamula njerwa moyo wake wonse. Anandigunda ndi mutu pakamwa, mlomo unang'ambika. Ine ndinamupeza ndi chigongono padiso. Mlonda anayesa kutilekanitsa koma tinamugwetsa. Amene anathetsa nkhondoyo ndi asisita, amene anatithira ndowa ya madzi okolopera.

Anatikhazika pa benchi imodzi, pakati pa odwala, n'kutisiya tidikire mpaka mzere wonse utatha. Atatiitana, anatsuka mabala athu ndi mankhwala oluma aja, osanyengerera dzanja. Anati nkhani za m'banja mwathu sakuzidziwa ndipo sakufuna kuzidziwa. Anati ali ndi makanda awiri obadwa masiku osakwana amene akuwafunditsa ndi mabotolo a madzi otentha okulunga m'nsalu, ndipo tikabwerezanso aimbira foni eni ntchito kuti tonse awiri tichotsedwe, abwere anthu oganiza. Mlamu wanga anayankha kuti wamva. Inenso ndinatero.

Zoti mlamu wanga anabereka mlongo wanga kumsana powoloka mtsinje sindinkazidziwa. Pamaliro paja palibe anatiuza, kapena anatiuza ife osamva chifukwa cha ukali. Ndinaziganizira ndili ndekha m'chipinda madzulo ake, mlomo ukugunda. Sizinasinthe mtima wanga. Mtsinje anawoloka madzulo, koma tsiku lonse lija anakhala panja akumvera azimayi, ndipo tsiku limenelo palibe angalichotse.

M'mawa mwake ndinapeza podonthapo. Panali pa chigongono chimodzi cha paipi, chimene chinangofunika kumasula, kukulunga tepi yatsopano n'kumanganso. Ndili mkati mogwira, ndinaona mthunzi waima pambali panga. Anali mtsikana uja, wopanda mbale, manja atapinda pamwamba pa mimba. Ulendo uno sanagwade ndipo anandiyang'ana m'maso. Chinyanja chake chinali cha kusukulu, choyera bwino.

"Asibweni, ndabwera kudzakupemphani chinthu chimodzi. Amama musawatchulenso pamaso pa anthu. Dzulo azimayi onse aja amandiyang'ana ine."

Ndinamuuza kuti ndinali ndi chifukwa. Ndinayamba kumufotokozera mmene tinamupemphera ali khanda, mmene anatikanizira, mmene agogo ake ku Katete amamutchulira mpaka pano. Anandisiya ndilankhule mpaka kumapeto. Kenako anati zonsezo wamva, koma iye amene akumudziwa ndi adada ake, amene ankamumwetsa mkaka wa mbuzi ndi sipuni, amene anakana kukwatira mpaka iye atayamba kuyenda. Anati za ife anakula akudziwa chinthu chimodzi chokha, kuti a ku Katete anabwera n'kutenga zonse za amama ake, osamusiyira ngakhale mpango woti adziwe fungo lawo. Ndinati makinawo alipo, amayi anawasunga, ndikhoza kumutumizira. Anapukusa mutu. Anati kusoka sadziwa, ndipo sakufuna chinthu choti chikalowa m'nyumba adada ake asiye kudya.

Ndinamufunsa ngati angalole kudzaona agogo ake akachira. Anati zimenezo ndi za amuna ake ndi adada ake. Anatembenuka n'kumapita, koma atayenda pang'ono anaima n'kufunsa, osacheuka kwenikweni, ngati amama ake anali aatali. Ndinati ayi, anali ngati iyeyo, kungoti oderapo. Anagwedeza mutu n'kupitiriza ulendo.

Masiku otsalawo tinagwira ntchito mwakachetechete. Mlonda analeka kutimasulira, anati watopa ndipo nthiti ikumupweteka, ndiye tinkangolozerana ndi zala. Ndinasiya madzi ali odzaza mpaka ndinakhutira kuti palibenso polira, kenako ndinachoka pamalopo kuti amange. Anamanganso khomalo, diso lili lotupa, koma kumbuyo anasiyako kakhomo kotsekera ndi chitsulo, koti munthu n'kupisa dzanja n'kufika polumikiza ponse. Asisita atayamikira nzeru imeneyo, iye anayankha kuti wachita zimenezo kuti hamala ya munthu wina isadzakhudzenso njerwa zake. Chumuni anaikweza mowongoka bwino. Ine ndinakulunga mapaipi a panja ndi masaka ndi waya kuti asamataye kutentha, ndinamangirira paipi ya nthunzi ku nsanja, ndipo valavu ya madzi olowa ndinaichotsa chogwirira nditaitsegula, kuti wina asadzaitseke moto uli mkati.

Tinayatsa moto m'mawa wina kukuzizira, simenti itauma. Nkhuni za tsanya zimachedwa kugwira koma zikagwira sizisewera. Kwa nthawi ndithu panalibe chochitika, ndipo ndinaona mlamu wanga akumwetulira chamumtima, akudikira kuti ndichite manyazi. Kenako mgolo unayamba kung'ung'udza, mapaipi anagogoda kangapo, mpweya unatuluka kumwamba ndi kaphokoso ngati munthu wotsokomola. Ndinalowa m'chipinda cha makanda n'kugwira paipi pamene inalowera pabowo lake lija. Inali yofunda. Ndinayenda nayo ndi chikhatho, kutentha kukundipitirira pang'onopang'ono, mpaka pakona, mpaka kuseri kwa timabedi. Nditafika kumene imatulukira ndinapeza mlamu wanga ali panja pa zenera, naye atagwira paipi yobwerera. Tinayang'anana pagalasi, aliyense n'kuchotsa dzanja lake.

Asisita anatsegula mpopi wa kubafa, madzi anatuluka a dzimbiri poyamba, kenako oyera, a nthunzi. Anaitana azimayi oyembekezera kuti adzagwire. Anabwera akukankhana, akuseka, ena akuti madzi otere awononga anthu, akabwerera kumudzi adzakana kusamba a pachitsime. Mdzukulu wa amayi anga anali pakati pawo. Anaika dzanja pampopi, analichotsa msanga, n'kunena kanthu m'Chisenga kwa adada ake, iwo n'kuseka. Kwa ine sanayang'aneko.

Ndinaphunzitsa mlonda zoyenera kusamala, kuti thanki isamaume, kuti akamva mgolo ukubwadamuka achepetse nkhuni, kuti paipi ya nthunzi asadzaitseke ngakhale itamadontha. Mlamu wanga anamuphunzitsa zake za phulusa ndi chumuni, ndipo anaonetsetsa kuti wanena zosiyana pang'ono ndi zanga pa kuchuluka kwa nkhuni. Mlondayo anangovomera zonse.

Tsiku lonyamuka ndinapeza lole yonyamula mpunga yopita ku boma. Nditakweza bokosi langa n'kukhala pamatumba, ndinaona mlamu wanga akubwera ndi kachikwama, naye akukwera. Ankakagula laimu wopaka ng'anjo. Malo anali ochepa, ndiye anakhala thumba loyandikana ndi langa, atandifulatira. Msewu unali wa mabampu, lole ikagwa m'dzenje misana yathu inkagundana, aliyense n'kudzikoka. Fumbi linatikuta tonse mpaka tinafanana. Tikulowa m'boma anamenya denga la lole kuti iime, anatsika, anakung'untha buluku n'kulowera kumashopu.

Mayi wina wogulitsa nsomba zouma, amene tinakwera naye, anandifunsa ngati bambo amenewo ndimawadziwa, poti anaona tikuchokera pamalo amodzi. Ndinati ndi alamu anga. Anandiyang'ana, anayang'ana kumene analowera, n'kufunsa ngati kwathu anthu pachilamu satsanzikana. Ndinati ena amatsanzikana.

Patapita milungu ingapo asisita anandiimbira foni. Mpopi umodzi wa kubafa unkadontha, ndipo ankafuna kudziwa ngati mlonda angathe kusintha kalabala ka mkati yekha. Ndinawafotokozera mmene angachitire. Tili pafupi kudula anati, kodi mwamva kale? Ndinati sindinamve kanthu. Anati mtsikana uja anachira bwinobwino, mwana wamwamuna wonenepa, ndipo abwerera kale kumudzi. Anadabwa kuti a kubanja sanandiuze. Ndinawafunsa dzina la mwanayo, anati aiwala, makanda ndi ambiri, koma andifunsira akadzabwera kusikelo. Ndinawathokoza. Kenako anafunsanso za kalabalako, ngati n'kofanana ndi ka mipopi ya madzi ozizira, ndipo ndinawauza kuti ayi, agule kofiira, kakuda sikachedwa kufewa ndi madzi otentha.